Chithunzi cha makala ndi choko chomwe chidapulumuka kumfuti

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ukugwirizana kwambiri ndi chithunzi china chakale chomwe chimasungidwa mumzinda wa London, m'dziko la Britain, chomwe munthu waphuma angathe kuchidutsa osachitembenukira n'komwe.

Chithunzichi chilibe utoto wofiira, wobiriwira kapena wagolide. Ndi pepala lomwe lidachita kufuwa ndi ukalamba, ndipo pamwamba pake padangopakidwa makala ndi choko. Kuonjezera apo, mwini wake sadachimalize.

Komatu m'chaka cha 1962 anthu a ku Britain pamodzi ndi boma lawo adasonkherana ndalama zokwana mapaundi 800,000 kuti chisatuluke m'dziko lawo. Patatha zaka 25, munthu wina adachiombera ndi mfuti, ndipo akatswiri adatha nthawi yoposa chaka akuchikonza.

Nanga n'chiyani chili papepala lakaleli choti anthu n'kulivutikira chotere?

Mmisiri wake

Adajambula chithunzichi ndi Leonardo da Vinci, yemwe adabadwa pa 15 April 1452 kufupi ndi tauni ya Vinci m'dziko la Italy, ndipo adamwalira pa 2 May 1519 ku Amboise m'dziko la France. Ndi yemwe uja adajambulanso Mona Lisa komanso chithunzi cha Mgonero Womaliza chomwe chili pakhoma la nyumba ina ya ansembe ku Milan.

Leonardo adaphunzira luso lake mumzinda wa Florence kwa mmisiri wina wotchuka, Andrea del Verrocchio. Adali munthu wamanzere, wofuna kudziwa chilichonse: kayendedwe ka madzi, kaulukidwe ka mbalame, mafupa ndi minofu ya munthu.

Chidwi chochulukachi chinkamuchititsa kuyamba ntchito zambiri koma n'kumaliza zochepa. Zithunzi zake za utoto zomwe zilipo lero sizifika 20.

Akatswiri amasiyana maganizo pa chaka chenicheni chomwe adajambulira chithunzi cha ku London. Ena amati ndi cha m'ma 1499 kapena 1500, pomwe ena amati ndi pakati pa 1506 ndi 1508. Mulimonsemo, pepalali latha zaka zoposa 500.

Kukula kwake ndi masentimita 141.5 kutalika ndi 104.6 mulifupi, ngati msinkhu wa mwana wa sitandade 5 kapena 6. Masiku amenewo kudalibe pepala limodzi lalikulu chonchi, choncho Leonardo adalumikiza mapepala 8 ndi guluu. Mukayang'anitsitsa, mizere ya m'malumikizidwemo imaoneka mpaka lero.

Mwa zojambula zikuluzikulu zapapepala zomwe Leonardo adapanga, chatsala n'chokhachi.

Si choko cha kusukulu

Tikamva za choko, ambirife timakumbukira aphunzitsi atayera manja pabolodi. Choko cha amisiri a ku Italy chidali chosiyanako. Chidali mwala wofewa wokumbidwa pansi, ndipo ankachidula timitengotimitengo n'kusongola kunsonga.

Chidalipo cha mitundu itatu. Chakuda chinkachokera ku mwala wokhala ndi zinthu zonga makala, ndipo china chabwino chinkakumbidwa m'chigawo cha Piedmont kumpoto kwa Italy. Chofiira chidali dothi losakanikirana ndi dzimbiri la chitsulo. Choyera chidali cha mtundu wa mwala wa laimu.

Pa chithunzi chathuchi, Leonardo adagwiritsa ntchito makala pojambula mizere ndi malo amdima, ndipo choko choyera adachiika pamalo pomwe kuwala kukugwera.

Chofunika kudziwa n'chakuti makala ndi choko sizilowerera m'pepala ngati inki. Zimangokhala fumbi lokakamira pamwamba. Chala chimodzi chosasamala chingathe kufufuta ntchito ya tsiku lonse.

Kufooka komweku ndi komwe kudapatsa Leonardo mpata wochita zomwe cholembera cha inki sichingathe. Fumbi limatheka kulitikita, kulichepetsa pena, kulionjezera pena, mpaka mdima ndi kuwala zitalowererana.

Amene ali m'chithunzimo

M'chithunzichi muli anthu anayi a banja limodzi. Muli Maria, mwana wake Yesu, Anna yemwe ndi mayi ake a Maria, komanso Yohane Mbatizi ali kamnyamata.

Dzina la Anna ngati mayi wa Maria mulibe m'Baibulo. Lidachokera m'buku lina lakale la Akhristu lomwe lidalembedwa zaka za m'ma 100, ndipo Akatolika amakumbukira Anna ndi mwamuna wake Yoakimu pa 26 July chaka chilichonse. Nkhani yoti Yesu ndi Yohane adakumana ali ana ndi mwambo womwe ojambula a ku Florence ankaukonda, poti Yohane Mbatizi ndiye nkhoswe ya mzinda wawo.

Maria wakhala pantchafu ya mayi ake, iye atanyamula Yesu. Mwanayo wapotoloka thupi, monga achitira makanda akafuna kutsika m'manja, ndipo walunjika kwa Yohane yemwe watsamira cha kumanja kwa chithunzicho. Dzanja limodzi la Yesu lakwezedwa modalitsa, linalo lagwira Yohane kuchibwano.

Aliyense amene adaonapo gogo, mwana wake wamkazi ndi mdzukulu atakhala pamkeka umodzi sangavutike kumva zomwe zikuchitika apa. Kusanakhale kuti ndi nkhani ya tchalitchi, ndi nkhani ya mibadwo itatu yokhala mothithikana.

Tsatirani maso awo

Njira yabwino yoyambira kuona chithunzichi ndiyo kutsatira maso a anthu anayiwo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuyang'ana inu oonera.

Anna akuyang'ana Maria. Maria akuyang'ana pansi kwa mwana wake. Yesu akuyang'ana Yohane, ndipo Yohane akubweza maso kwa Yesu. Diso lanu likatsatira mzere umenewu limayenda kuchokera pamwamba kutsikira kwa ana, kenaka chala cha Anna cholozera kumwamba chimalibwezanso komwe lidayambira.

Kenaka fananizani nkhope ziwiri za amayiwo, zomwe zayandikana ngati zamera pathupi limodzi. Anna sakuoneka wokalamba kuposa mwana wake. Alibe makwinya, ndipo wongoona msanga angati ndi munthu ndi mchemwali wake.

Kusiyana kwawo Leonardo adakuika m'kuwala. Nkhope ya Maria ndi yowala, yosalala, zikope zili zogwa ngati za mayi amene mtima wake uli pamwana basi. Nkhope ya Anna ili mumthunzi, maso ake adalowa m'kati mwa mdima wa makala, ndipo kumwetulira kwake n'kwa munthu wodziwa kanthu kena komwe winayo sadakaganizire.

Ambiri odziwa za zithunzi amati Anna akuoneka ngati akudziwa kale zomwe zidzagwere mdzukulu wakeyo, ndipo chala chakecho chikuloza komwe mwanayo adachokera ndi komwe adzabwerere. Zonsezi Leonardo adazinena popanda misozi kapena mtanda. Adangodetsa makala pang'ono mozungulira maso a gogoyo.

Luso la utsi

Mukayandikira nkhope ya Maria n'kufunafuna mzere womwe ukulekanitsa tsaya ndi khosi, kapena pomwe mlomo wathera, simuupeza bwinobwino. Mdima ukuchepa pang'onopang'ono mpaka kusanduka kuwala, monga umathera utsi wa m'khitchini ukatulukira kudenga la udzu.

Ataliyana amatcha kajambulidwe aka kuti sfumato, mawu ochokera ku liwu lawo lotanthauza utsi. Leonardo ndiye adakatchukitsa. Iye adaona kuti pathupi la munthu palibe mzere wakuda wozungulira mphuno kapena chibwano monga ajambulira ana asukulu. Chomwe diso limaona ndi malo owala ndi malo amdima basi.

N'chifukwa chake kumwetulira kwa amayi awiriwa kumasintha malinga ndi momwe mwayang'anira. M'mbali mwa milomo ndi m'mbali mwa maso, momwe timawerengera chimwemwe kapena chisoni cha munthu, ndi momwe Leonardo adatikitamo makala kwambiri. Adasiyira woonera kuti amalize yekha.

Choko choyera nacho sadachimwaze ponseponse. Chili pamphumi, pamphuno, pamasaya, pamapewa, pathupi la mwana ndi pamawondo pomwe nsalu yakungika. Malo ena onse adasiya kuti mtundu wa pepala ugwire ntchito ngati khungu.

Choncho ndi zinthu zitatu zokha, makala, choko ndi pepala, mmisiriyu adapanga mawondo ooneka ngati atuluka m'chithunzimo, olemera ngati osemedwa pamwala.

Mawondowo ali ndi chinsinsi chawonso. Yesani kuwerenga miyendo ya amayi awiriwa n'kunena kuti uwu ndi wa yani. Ambiri amasokonezeka poyamba, chifukwa nsalu zawo zalukanalukana ngati ndi munthu mmodzi wa mitu iwiri. Mayi ndi mwana wake wamkazi akhala ngati tsinde limodzi lomwe mwanayo waphukapo.

Zomwe sadamalize

Dzanja la Anna lolozera kumwamba lili pakati penipeni pa nkhaniyi, koma ndi lomwe Leonardo sadalimalize. Ndi mzere chabe, lopanda mthunzi, lopanda choko, lafulati ngati lomwe mwana amajambula pozunguliza pensulo padzanja lake.

Mapazi a amayiwo, omwe aponda pamiyala ing'onoing'ono, nawo adangolembedwa mwachidule. Kumbuyo kuli mapiri ooneka mwa apo ndi apo ngati m'mawa wa nkhungu.

Wogula katundu pamsika akaona mpando wopanda mwendo umodzi amati ngwosatha, ndipo salakwa. Koma pachithunzi ichi malo osamalizawo ndi omwe amationetsa momwe mmisiri ankagwirira ntchito. Papepala limodzi lomweli mukuona poyambira, pakati ndi pothera: mzere woyamba padzanja la Anna, mithunzi yoyambirira pansalu, ndi nkhope zomwe zidafika pachimake.

Chithunzi cha utoto chikatha chimabisa zonsezi, monga nyumba yopakidwa pulasitala ibisira njerwa. Apa njerwa zili poyera, ndipo mungathe kuona pomwe dzanja la Leonardo lidayesa mzere, n'kuusiya, n'kuyesanso wina pambali pake.

Palinso china. Chifukwa choti dzanja la Anna ndi loyera pakati pa malo odetsedwa, diso limalipeza msanga. Chinthu chomwe sichidamalizidwe ndi chomwe anthu ambiri amachikumbukira akachoka pamalopo.

Chidapangidwira ntchito yanji?

Pepala lalikulu lotere Ataliyana ankalitcha cartone. Liwu limeneli ndi lomwe lidabala mawu awiri omwe timawadziwa bwino kuno: katoni yoikamo katundu, ndi katuni yoseketsa ya m'nyuzipepala. Pachingerezi chithunzichi chimadziwika kuti Burlington House Cartoon, ngakhale mulibe choseketsa chilichonse.

Ntchito ya cartone idali ngati ya patani ya telala. Mmisiri ankajambula chithunzi chonse papepala pamsinkhu wake weniweni, kenaka n'kuboola timabowo ndi singano motsatira mizere. Akatero ankaika pepalalo pathabwa kapena pakhoma, n'kumaligunda ndi kathumba ka fumbi la makala. Fumbilo linkadutsa m'timabowomo n'kusiya timadontho tomutsogolera popaka utoto.

Ntchito ikatha, mapepala otere ankakhala atang'ambika ndi kuda, ndipo ambiri ankatayidwa. Koma pepala la ku London lilibe timabowo totere. Leonardo sadaligwiritse ntchito kusamutsira chithunzichi pathabwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe lidakhalira mpaka lero.

Iye adajambuladi chithunzi cha utoto cha Anna, Maria ndi Yesu, chomwe chili ku Louvre mumzinda wa Paris, koma adasintha kakhalidwe ka anthuwo. M'menemo mulibe Yohane, ndipo mwana Yesu akugwira kamwana ka nkhosa. M'chaka cha 2012 zithunzi ziwirizi zidaonetsedwa pamodzi ku Paris.

Wojambula wina wa ku Milan, Bernardino Luini, adatengera chithunzi cha makalachi n'kupanga chake cha utoto, ndipo adaonjezeramo Yosefe. Chili ku Pinacoteca Ambrosiana mumzinda womwewo. Ndi chomalizidwa bwino, chamitundu, komabe chomwe dziko limachidziwa kwambiri ndi cha makala chija.

Ngakhale pa nthawi ya Leonardo anthu ankadziwa kuti chojambula chapapepala chingathe kuima pachokha. Giorgio Vasari, yemwe adalemba mbiri ya amisiri a ku Italy m'buku lomwe lidatuluka koyamba mu 1550, adasimba kuti Leonardo ataonetsa cartone ya Anna ndi Maria ku Florence, amuna ndi akazi, ana ndi akulu, adakhamukirako kwa masiku awiri ngati akupita kuchikondwerero. Akatswiri ambiri amati imeneyo idali ina yomwe idasowa, koma nkhaniyi ikuonetsa ulemu womwe anthu ankapereka ku ntchito yotere.

Mutu umodzi susenza denga

Leonardo atamwalira, chithunzichi chidadutsa m'manja mwa mabanja olemera a ku Milan ndi ku Venice chisadafike ku England. Pofika 1779 chidali chili kale m'manja mwa Royal Academy, bungwe la ojambula la ku London. Bungweli pambuyo pake lidasamukira m'nyumba yotchedwa Burlington House, komwe kudachokera dzina la chithunzichi.

Mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lino lilandire ufulu wodzilamulira, bungweli lidasowa ndalama ndipo lidalengeza kuti ligulitsa chithunzichi. Mtengo wake udali mapaundi 800,000. Nkhawa idali yoti munthu wachuma wakunja achigula, chikatsekeredwe m'nyumba mwake.

Bungwe lina lothandiza kugula zaluso, National Art Collections Fund, lomwe lero limatchedwa Art Fund, lidapempha anthu kuti asonkhe. Chithunzicho adachiika poonetsera ku National Gallery, ndipo m'miyezi inayi yokha anthu oposa 250,000 adapita kukachiona, ambiri akuponya kangachepe m'mabokosi.

Bungwe la Pilgrim Trust lidathandizapo, ndipo boma lidaonjezera mapaundi 350,000 kuti ndalamazo zikwane. Kuyambira chaka chimenecho chithunzichi ndi cha National Gallery, nyumba yosungira zithunzi yomwe ili pabwalo la Trafalgar Square, komwe munthu aliyense amalowa ulere.

Tsiku la mfuti

Mu July 1987, nyumbayi ili pafupi kutsekedwa madzulo, bambo wina yemwe kale adali msirikali adasolola mfuti yodulidwa mpope yomwe adaibisa m'chovala chake, n'kuombera chithunzichi ali pamtunda wa mamita awiri okha. Pambuyo pake adauza apolisi kuti adachita izi pokwiya ndi momwe zinthu zinkayendera m'dziko la Britain. Khoti lidamutumiza kuchipatala cha odwala matenda a maganizo.

Mwamwayi chithunzicho chidali kuseri kwa galasi lolimba, ndipo tizipolopolo sitidabowole. Komabe mphamvu ya kuomberako idaphwanya galasilo, ndipo zidutswa zake zidang'amba pepala pamalo okwana masentimita pafupifupi 15, pachovala cha Maria cha pachifuwa. Nkhope zonse zinayi zidapulumuka.

Ntchito yokonza idaperekedwa kwa Eric Harding, katswiri wosamala mapepala akale. Iye adatolera tizidutswa tambirimbiri ta pepala, tina tochepa kuposa njere ya mpunga, n'kumatibwezera m'malo mwake kamodzikamodzi, akuyang'anira pamakina okuza zinthu ndipo akugwiritsa ntchito zipangizo zonga za madokotala a opaleshoni.

Vuto lidali loti kachidutswa kalikonse kadali ndi fumbi lake la makala lomwe Leonardo adapaka, ndipo kukagwira molakwika kukadachotsa fumbilo. Chithunzichi chidabwerera poonetsera mu 1989, ndipo lero munthu wosadziwa nkhaniyi sangaloze msanga pomwe padali bala.

Mdani wina wa chithunzichi ndi wachete: kuwala. Dzuwa ndi magetsi amphamvu zimafuwitsa pepala ndi kulifooketsa, monga imachitira kalendala yomwe yakhalitsa pafupi ndi windo. N'chifukwa chake pochionetsa amachepetsa kuwala, ndipo wolowa pamalopo amayenera kudikira kaye kuti maso azolowere. Chithunzicho chimayamba kuoneka pang'onopang'ono, nkhope poyamba, kenaka manja, kenaka mapiri akumbuyo.

Sichiyendayenda kawirikawiri, koma kumapeto kwa 2024 chidabwerekedwa ku Royal Academy pachionetsero cha ntchito za Michelangelo, Leonardo ndi Raphael, ndipo kadali koyamba kubwerera ku Burlington House patatha zaka zoposa 60.

Yesani ndi ana pakhomo

Sikuti mpaka mukwere ndege kuti muone chithunzichi. Chimapezeka m'mabuku ambiri a mbiri ya zojambula, komanso National Gallery idachiika pa intaneti pomwe mungathe kuchikuza pafoni n'kuona ngakhale mizere ya m'malumikizidwe a mapepala.

Mukachipeza, musafulumire. Chipatseni mphindi zisanu. Yambani ndi maso a anthu anayiwo, pitani pamilomo, tsikirani pamawondo, ndipo mumalizire padzanja losatha lija. Afunseni ana kuti mwa amayi awiriwo wamkulu ndani, ndipo adziwa bwanji.

Kuti mumvetse bwino luso la Leonardo, palibe njira yoposa kuyesa nokha, poti zipangizo zake zili m'nyumba iliyonse. Tengani khala lofewa la pambaula, kachidutswa ka choko ndi pepala lakhaki, ngakhale la katoni kapena la thumba la simenti.

Ikani dzira kapena chikho pafupi ndi khomo pomwe kuwala kukuchokera mbali imodzi. Mwana asayambe ndi kuzunguliza mzere. Adetse ndi khala mbali yomwe kuli mthunzi, atikite ndi chala kuti mdimawo uzichepa polowera kowala, kenaka aike choko pang'ono pokhapo pomwe pakunyezimira. Pena ponse asiye pepala momwe liliri.

Akachita bwino, dziralo lidzaoneka lobulungira ngati mungalitole. Akatero abwererenso kukayang'ana tsaya la Maria, ndipo adzaona zomwe sadazione poyamba.

Chojambula cha mwanayo muchisunge pakati pa mapepala awiri oyera, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo kumbuyo kwake mulembe dzina lake ndi chaka.